Mwana akukanda usiku wonse: momwe mungadziwire ngati ndi ziwengo, mphere kapena thukuta chabe

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, dzuwa la ku Salima litafika poti mchenga wa ku Senga Bay sungaupondenso wopanda nsapato, mwana wa mchemwali wanga, kamtsikana ka chaka ndi theka, kanayamba kukanda. Masana kamasewera bwinobwino, koma kukangoda kamadzikwekwesa pamphasa, kulira mpaka tambala woyamba. Agogo ake atakaona anati, "Mwanayu usipa ukumuwenga, musiye kumupatsa." Anamusiyitsa usipa, kukanda osatha. Amayi anzake pa mjigo anati ndi mazira. Anasiya mazira, kenako nsinjiro za m'phala. Pofika tsiku la sikelo mwana anali akudya phala lamchere ndi nsima ya msuzi basi, ndipo mzere wa m'buku lake unali utaloza pansi. Mlangizi wa zaumoyo anamutambasula tizala, n'kufunsa kuti, "Mayi, kunyumba kwanu akukanda ndi mwana yekhayu?" Ayi, mlongo wake ankakanda, bambo ake ankakandanso. Zinali mphere.

Mwezi uja umene mwana anamanidwa ndiwo pachabe umandipwetekabe mtima. Ziwengo ziliko ndithu, zina zoopsa kumene, koma kuno kunyanja zambiri zoyabwa ana sizichokera m'mbale. Nayi njira yofufuzira musanamusiyitse mwana chakudya chilichonse.

Choyamba, onani ngati ndi zodikira

Pali zina zosafuna kufufuza kunyumba. Mwana akatupa milomo, lilime kapena zikope, akamapuma molira ngati mluzu, mawu akasasa mwadzidzidzi, akamasanza mobwereza kapena kulefuka patangopita mphindi zochepa atadya chinthu, atamwa mankhwala kapena atalumidwa ndi njuchi kapena mavu, m'berekeni muthamangire kuchipatala chomwe chili pafupi. Ziwengo zotere zimatseka kukhosi, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline amene amabayidwa kuchipatala.

Thamangani chimodzimodzi ngati zidzolo zabwera ndi kutentha thupi kwambiri, maso ofiira, chifuwa ndi chimfine, n'kuyambira kumaso ndi kuseri kwa makutu kumatsikira m'thupi. Chimenecho chingakhale chikuku, makamaka ngati mwana sanalandire katemera wake wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 15. Timadontho tofiirira kapena takuda tosazimirira mukatidina ndi tambula yagalasi, khungu losupuka ndi zilonda m'kamwa mwana akumwa mankhwala monga Bactrim, kapena mapazi otupa pamodzi ndi khungu lokanganuka ngati penti yakale ndi tsitsi lofiira lothothoka, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati mwana akudya, akusewera, thupi silikutentha, vuto n'kukanda kokha, muli ndi mpata wofufuza.

Muvuleni yense, mumuone pa kuwala kwa dzuwa

Apa ndi pamene ambirife timalakwa. Timangoona pamkono pomwe mwana akukanda, osamuvula. Khalani naye pakhonde m'mawa, mumuvule zonse mpaka thewera, muyang'ane m'mutu, kuseri kwa makutu, m'khwapa, pamchombo, pakati pa zala ndi kuphazi. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka kwenikweni, choncho papasani ndi dzanja: pakukhakhala, patupa, kapena pauma ndi kutuwa? Malo amene zidzolo zili amanena zambiri kuposa maonekedwe ake.

Mphere zimakonda pakati pa zala, pa mfundo ya dzanja, m'khwapa, pamchombo ndi m'matako, ndipo kwa ana aang'ono zimafika m'zikhatho, kuphazi ngakhale kumutu. Zimayabwa kwambiri usiku. Chizindikiro chake chachikulu ndi chija anafunsa mlangizi: wina m'nyumbamo akukandanso. Zimayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso komwe kamakumba pansi pa khungu, ndipo munthu akakatenga koyamba pamapita masabata 4 mpaka 6 asanayambe kumva kuyabwa. N'chifukwa chake n'kovuta kukumbukira komwe mwana anazitenga.

Zidzolo za thukuta ndi za nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Ndi tinthu ting'onoting'ono tothinana ngati mbewu za mpiru, pakhosi, pamphumi, pachifuwa ndi pamsana, makamaka pomwe nsalu yoberekera imamanga. Mwana akakhala pamthunzi wosavala zambiri, n'kumasamba madzi ozizira, zimachepa pamasiku awiri kapena atatu.

Chikanga chimadziwika ndi kuuma. Kwa wakhanda chimagwira masaya, koma mwana akayamba kuyenda chimasamukira mopindika zigongono, kuseri kwa mawondo, m'khosi ndi mu akakolo. Chimatha n'kubweranso, chimakula m'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera ukamawomba khungu n'kumang'aluka, ndipo nthawi zambiri pamtundu pamakhala wina wa mphumu kapena wa chimfine chosatha. Sichipatsirana.

Ziwengo zenizeni zimatukuka ngati pomwe wakwapulidwa ndi chitedze: zigamba zotupa, zosalala pamwamba, zoyabwa zedi, zomwe zimayendayenda. Chigamba chili pamimba m'mawa, masana chazimirira, china chatuluka pantchafu. Zungulizani chigamba chimodzi ndi cholembera. Ngati mawa lake chasowa osasiya chipsera, ndi ziwengo. Koma dziwani kuti kwa ana ziwengo zotere nthawi zambiri zimatsatira chimfine kapena matenda ena ang'onoang'ono, osati chakudya.

Zotsalazo n'zosavuta kuzizindikira. Chipere ndi chozungulira ngati ndalama yachitsulo, m'mutu chimasosola tsitsi. Nsikidzi ndi utitiri zimasiya zotupa zitatu kapena zinayi pamzere, pamalo osavala. Katsabola amatulutsa matuza amadzi thupi lonse, ena akuuma ena akungotuluka kumene. Zilonda za nkhanambo yachikasu pamphuno ndi pakamwa zimafuna mankhwala opha tizilombo, ndipo zimakonda kumera pomwe mwana wakanda kale. M'thewera, khungu likapsa pamatako koma m'mapindi muli bwino, ndi mkodzo ndi chimbudzi zokhalitsa. Likafiira m'mapindi momwe ndi timadontho m'mbali, ndi mafangasi.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi zathuzathu ziwiri. Mwana akasewera m'madzi osaya a m'mabango, ku Chipoka, ku Lifuwu kapena ku Chia, n'kutuluka tizidzolo toyabwa m'miyendo tsiku lomwelo, tingakhale tizilombo tochokera mu nkhono, ta mtundu womwe umabweretsa likodzo. Kuyabwako kumatha kokha, koma muziyang'ana mkodzo wake m'miyezi yotsatira ndipo mukawauze kusikelo. Chachiwiri ndi kamzere kokhotakhota kotukuka paphazi kapena patako, komwe kamasuntha pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Ndi kanyongolotsi kochokera mumchenga momwe agalu ndi amphaka amachita chimbudzi, ndipo kali ndi mankhwala ake.

Dzifunseni kuti chasintha n'chiyani, ndipo liti

Mukamaliza kumuona, bwererani m'mbuyo m'maganizo, koma ndi wotchi m'manja. Ziwengo za chakudya zimafulumira: zimatuluka pamphindi zochepa, zikachedwa maola awiri. Mwana amene wadya dzira Lolemba n'kutuluka zidzolo Lachinayi, dziralo lisiyeni, si ilo. Zinthu zokhudza khungu ndizo zimatha kuchedwa tsiku limodzi mpaka atatu. Mankhwala akumwa monga amoxicillin kapena Bactrim amatha kutulutsa zidzolo patapita masiku angapo, ngakhale mwana atamaliza kale kumwa.

Tsopano yendani m'nyumba. Mwasintha sopo wosambira kapena wochapira? Sopo waufa wosatsukuluzika bwino amatsalira mu matewera ndi m'nsalu yoberekera. Mafuta odzola onunkhira, paudala, zovala za pakaunjika zovekedwa zisanachapidwe, chitenje chatsopano chosuluka utoto, kamkanda kapena ndolo zachitsulo, lastiki ya mapampasi, zonsezi zimasiya chizindikiro pamalo penipeni pomwe zakhudza. Zidzolo zozungulira chiuno ngati lamba zikulozerani ku lastiki, osati ku phala. Neti yatsopano yonyikidwa m'mankhwala imafunika kuyanikidwa pamthunzi maola 24 isanagonedwe, apo ayi imayabwa kumaso. Pa chifukwa chimenechi musachotse neti, malungo a kuno mukuwadziwa.

Nyengo ya mango ilinso ndi zake. Utomoni wa pa phesi ndi pa khungu la mango umawotcha pakamwa ndi pachibwano. Musendereni, mumudulire, mumusambitse kukamwa akamaliza. Madzi a tomato, chinanazi ndi malalanje nawonso amafiiritsa pakamwa pokha popanda kukhala ziwengo.

Lembani, ngakhale pa tsamba lakumapeto la kope la mwana wa sukulu

Kwa masabata awiri lembani tsiku, zomwe mwana wadya ndi nthawi yake, zomwe wadzola, komwe wasewera, ndi nthawi yomwe kuyabwa kwayamba. Ngati muli ndi foni ya kamera, jambulani zidzolo zikangotuluka. Ziwengo zili ndi khalidwe lozimirira muli pamzere kuchipatala, n'kufika kwa dokotala mwana ali see ngati munanama.

Sinthani chinthu chimodzi, osati zonse pakamodzi

Mukasintha sopo, mafuta, ndiwo ndi zofunda tsiku limodzi, mwana n'kuchira, simudzadziwa chomwe chinamuchiritsa. Yambani ndi zosawononga thanzi. Musambitseni ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wochepa wosanunkhira, osamukhula ndi chinkhupule. Mupukuteni mosisita pang'ono, n'kumudzoza Vaseline wopanda fungo thupi lisanaumiretu, kawiri kapena katatu patsiku ngati ndi chikanga. Pa zidzolo za thukuta ndiye ayi, mafuta amatseka khungu n'kuzikulitsa. Tsukuluzani zovala kawiri, muyanike pachingwe osati pansi, ndipo muzisite, chifukwa pali ntchentche zoikira mazira pa zovala zonyowa zomwe mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Muwengeni zikhadabo. Dikirani sabata yathunthu musanasinthe china.

Chakudya chikhale chomaliza kuchikayikira

Zakudya zomwe zimawenga ana kawirikawiri ndi mkaka wa ng'ombe, mazira, mtedza, nsomba, soya ndi tirigu. Taonani mndandandawo: ndi zomwezo zomwe zimakuza mwana wa ku Salima kapena ku Nkhotakota. Mukachotsa usipa, dzira ndi nsinjiro, mwatsala ndi nsima kapena kondowole, ndipo mwana wa zaka ziwiri sangakule nazo zokhazo.

Chakudya chikayikireni ngati zinthu zitatu zakumana: zidzolo zimatuluka asanathe maola awiri atadya, zachitika kangapo ndi chakudya chomwecho, ndipo masiku omwe sanadye amakhala bwino. Zikatero chotsani chimodzi chokhacho kwa masabata awiri mpaka anayi mutakambirana ndi a kuchipatala, n'kuika china m'malo mwake. Mwachotsa mazira, onjezerani nyemba ndi nsomba. Kumbukirani kuti Likuni Phala ali ndi soya, chiponde chili ndi mtedza ndi mkaka, ndipo mandasi ena amaikamo mazira kapena mkaka. Mwana amene akulandira chiponde kuchipatala musamusiyitse panokha, kawauzeni amene akumupatsawo.

Zidzolo zikapanda kusintha, chakudyacho chibwezereni, chinalibe mlandu. Zikatha, njira yotsimikizira ndi kumupatsanso pang'ono, koma izi ndi za mwana amene anangotuluka tizidzolo tochepa. Amene anatupa kumaso, anasanza kapena anabanika musamuyesere kunyumba ngakhale kanyenyeswa. Ana ambiri ziwengo za mkaka ndi mazira zimawathera akamakula, pomwe za mtedza ndi nsomba zimakonda kukhalitsa, choncho nkhaniyi muziifunsanso chaka ndi chaka.

Popita kuchipatala

Tengani buku la kuchipatala, kope lanu lija, zithunzi, ndi mapaketi a chilichonse chomwe mwamudzoza kapena kumumwetsa, kuphatikizapo mankhwala azitsamba. Musachite manyazi kuwatchula, adokotala amafuna kudziwa. M'mawa umenewo musamupake jivi kapena phulusa, chifukwa zimabisa zomwe akufuna kuona. Yambani ndi chipatala chaching'ono chapafupi kapena mlangizi wa m'dera lanu, ndipo zikakanika adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Salima kapena cha Nkhotakota. Akapeza kuti mankhwala ena amamuwenga, apempheni alembe dzina lake patsamba loyamba la bukulo ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo agogo ndi aliyense womulera alidziwe.

Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse: musagule timachubu ta mafuta pamsika kuti mudzoze mwana. Ambiri mwa iwo ali ndi mankhwala amphamvu monga betamethasone, omwe amaziziritsa kuyabwa masiku awiri koma amapyapyalitsa khungu ndi kufalitsa chipere ndi mphere. Piritoni nayenso musamupatse mwana wamng'ono mongoyerekeza, mlingo wake auone a kuchipatala.

Akakuuzani kuti ndi mphere, mankhwala adzole onse a m'nyumbamo nthawi imodzi, ngakhale amene sakukanda. Benzyl benzoate, mankhwala odzola a mphere, amasungunulidwa akakhala wa ana aang'ono, choncho musamudzoze wa m'botolo la akuluakulu. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa, zosachapika zimangidwe m'thumba la pulasitiki masiku osachepera atatu, chifukwa kachilomboka sikakhalitsa kopanda munthu. Kuyabwa kumatha kupitirira masabata awiri mpaka anayi tizilombo titafa kale, musadabwe. Kwa mchemwali wanga anadzola anthu asanu, mphasa zonse zinagona padzuwa, ndipo madzulo omwewo kamtsikana kaja kanadya usipa wotendera.