Momwe mungachepetsere thupi poyambira pa mbale ndi chipande

Pakulani mitanda iwiri ya nsima yofanana, wina muuike m'mbale yaikulu ya alendo ija, winayo m'mbale yaing'ono. Wa m'mbale yaikulu uoneka ngati wa mwana, ndipo dzanja lithamangira chipande kuti liwonjezere. Malo otsala m'mbalemo ndi amene amapusitsa maso. Joseph Delboeuf, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku Belgium, anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1865, ngakhale iye ankayesera pa mizere yozungulira, osati pa chakudya.

Choyamba, bwerekani rula ya mwana wasukulu muyeze mbale zanu. Mukufuna ya masentimita 23 m'lifupi, kukula komwe bungwe la American Diabetes Association limalangiza odwala shuga. Zikuluzikulu zija zibwerere m'kabati zikadikire alendo.

Kenako kagawidwe. Theka la mbale likhale masamba: nkhwani, bonongwe, mpiru, chisoso, chilichonse chomwe chilipo. Theka linalo muligawe pawiri, uku nyemba, usipa, dzira kapena nyama, uku nsima. Apa ndi pamene ambirife timachita tsinya, poti tinakula tikudziwa kuti chakudya ndi nsima, ndiwo n'zongotsitsira. Yambani kuika masamba, nsima ibwere pomaliza ipeze malo atachepa kale. Ngati munazolowera mitanda inayi, musadumphire umodzi lero lomwe, mudzadzuka usiku kukafunafuna mkute. Tsikirani itatu sabata ino, iwiri kutsogoloku. Chipandenso muchiyang'ane bwino. Pali zipande zina zomwe mtanda wake umodzi ndi wa anthu awiri, munthu n'kumanena monyadira kuti "ndadya iwiri yokha".

Chachitatu, ndipo kwa ine chachikulu ndi chimenechi: pakulirani kukhitchini, poto atsale komweko. Mbale yaing'ono pambali pa poto wodzaza ndi masewera chabe, mungodya katatu. Ofufuza a Cochrane, bungwe lounika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, mu 2015 anapeza kuti anthu amadya zambiri akapatsidwa chakudya chochuluka kapena ziwiya zazikulu, koma akafukufuku ena atayesa mbale payokha anapeza kusiyana kochepa. Ngati kwanu mumadyera mbale imodzi, patulani gawo lanu musanasambe m'manja, chifukwa pagulu palibe amene amawerenga mbamu.

Mukamaliza, dikirani mphindi 20 musanaganize zowonjezera. Uthenga woti mimba yakhuta umachedwa kufika kuubongo.

Zina sizioneka m'mbale koma zimanenepetsa: botolo la Fanta, masupuni anayi a shuga m'tiyi, mafuta oyandama pa ndiwo, mandasi a panjira. Dziyezeni pasikelo kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa komanso ana asachepetseredwe chakudya mwanjira imeneyi, ndipo amene ali pa mankhwala a shuga ayambe afunsa kuchipatala, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri nsima ikachepa mwadzidzidzi.