Momwe mungasiyanitsire mass ndi weight pa mayeso a Fizikisi

Chaka ndi chaka ophunzira a Fomu 4 amataya malikisi aulere pa funso la mass ndi weight, pomwe nkhani yake si yovuta. Chosokoneza n'chakuti kumsika, kuchigayo ndi kusikelo ya ana tonse timangoti chinthu chikulemera makilo mwakuti, basi. M'kalasi ya Fizikisi muli zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi muyezo wakewake.

Yambani ndi tanthauzo. Mass ndi kuchuluka kwa zimene zili m'chinthucho, ndipo timaiyeza mu makilogalamu kapena magalamu. Thumba la chimanga la 50 kg likhala 50 kg ku Nsanje, pamwamba pa Sapitwa, ngakhale kumwezi, bola anankafumbwe asalowemo. Weight ndi mphamvu imene dziko likukokera thumbalo pansi. Popeza ndi mphamvu, imayezedwa mu newton, chidule chake N, potengera dzina la Isaac Newton.

Chachiwiri, musanawerengere chilichonse onani ngati mass yaperekedwa mu makilogalamu. Ikakhala mu magalamu gawani ndi 1,000: paketi ya mchere ya 500 g ndi 0.5 kg. Ambiri amagwa pomwepa chifukwa cha changu.

Kenako chulukitsani mass ndi mphamvu yokoka ya malo amene chinthucho chili, imene timailemba kuti g. Pano padziko g ndi pafupifupi 9.8 N pa kilogalamu iliyonse. Choncho weight (W) ndi mass (m) kuchulukitsa ndi g, W = m × g, ndipo thumba lija lipereka 50 × 9.8 = 490 N. Mchere uja ndi 4.9 N. Funso likanena kuti mutenge g ngati 10, tsatirani zomwezo, yankho likhale 500 N. Akakupatsani weight n'kufunsa mass, gawani: 600 N kugawa ndi 10 ndi 60 kg.

Tsopano litengereni thumbalo kumwezi, kumene g ndi pafupifupi 1.6 yokha. Weight yake itsika kufika pa 80 N, moti mwana wa pulayimale atha kulinyamula, koma chimanga chake n'chomwechija, ufa wake sungachepe ndi chikho chimodzi chomwe. N'chifukwa chake Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin ankayenda modumphadumpha kumwezi mu 1969 atavala zovala zolemera kwambiri. Ngakhale pano padziko g imasiyanako pang'ono: ku equator ndi 9.78, kunsonga za dziko (North Pole ndi South Pole) ndi 9.83.

Gawo limene ndimalikonda, ndipo ndikupempha aphunzitsi asamalidumphe, ndi loyesa ndi manja. Bwerekani sikelo yopachika ya sipuling'i, yonga ya mavenda ogula mbewu. Kolowekani paketi ya shuga ya 1 kg, mugwire sikeloyo m'manja osagwedeza, muwerenge. Ndiye ikwezeni m'mwamba mwadzidzidzi maso ali pa muvi: muviwo upitirira pa 1 kg. Itsitseni mofulumira, muona ukubwerera m'mbuyo. Shuga simunawonjezere kapena kutapako. Chasintha ndi mphamvu imene ikukoka sipuling'iyo, kusonyeza kuti sikelo yotere imamva mphamvu, kungoti manambala ake analembedwa mu makilogalamu potengera g ya pano padziko. Kumwezi ingakuuzeni kuti shugayo sakukwana ndi 200 g yomwe.

Sikelo ya mbale ziwiri, ija amaika miyala yachitsulo mbali imodzi, siinganame chotero. Mbali zonse zimakokedwa mofanana, ndiye imangofananiza mass ndi mass, kulikonse mungaipititse. Funso likati tchulani chida choyezera mass, yankho ndi sikelo imeneyi. Likati choyezera weight, ndi ya sipuling'i.

Pomaliza, onaninso muyezo umene mwalemba kumapeto kwa yankho lanu. Funso likafuna kuti mupeze force (mphamvu) kapena weight, yankho lithere ndi N. Kulemba 490 kg m'malo mwa 490 N kumaononga ntchito yonse, ngakhale masamu atakhala olondola kuyambira pamzere woyamba.