Nthawi yoyenera kumupatsa dala base yoyamba womenya wamphamvu

Inu amene mukufuna kuphunzitsa achinyamata baseball ku Ulongwe kapena ku Tsangano, musafulumire kumupatsa mwaulere base yoyamba (malo oyamba mwa malo anayi amene wosewera amayenera kudutsa kuti agoletse) womenya mpira wamphamvu, chifukwa aliyense wofika pa base angathe kugoletsa. Muchite zimenezi pokhapokha masewero akupita kumapeto, zigoli zili pafupi, pa base yachiwiri pali wothamanga koma yoyamba ilibe munthu, ndipo wotsatira kumenya ndi wofooka. Mukatero, ngati osewera otulutsidwa sanakwane awiri, mpira woyenda pansi womenyedwa ndi wotsatirayo ungakutulutsireni anthu awiri nthawi imodzi. Kumayambiriro kwa masewero, lolani woponya mpira wanu alimbane ndi womenya wamphamvuyo. Ku America, Barry Bonds anapatsidwa base motere ka 120 mu 2004, koma osewera oopsa chonchi ndi osowa. Kuyambira 2017, mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, mphunzitsi akafuna kupereka base motere amangopereka chizindikiro kwa woyimbira masewero popanda kuponya mpira.