Momwe mungayesere Ferdium pa laputopu yanu

Ndimagulitsa zitenje kudzera pa WhatsApp, Facebook ndi Instagram, ndipo chala chinatopa n'kumangosinthasintha pa foni. Ndiye ndinayesa Ferdium, pulogalamu yaulere yomwe imagwira pa Windows, macOS ndi Linux. Imasonkhanitsa masamba onsewa pamalo amodzi, lililonse ndi kachizindikiro kake m'mbali.

Itengeni pa webusaiti yake, osati pa fulashi ya mnzanu. Mukaitsegula, sankhani kuigwiritsa ntchito popanda akaunti, kenako onjezani WhatsApp. Patuluka QR code. Pa foni tsegulani WhatsApp, lowani pa Linked devices n'kuloza kamera pamenepo, mauthenga ayamba kutulukira pa kompyuta.

Chonde yambani ndi masamba awiri okha. Ine tsiku loyamba ndinaika asanu ndi awiri, laputopu yanga ya RAM (memore yomwe kompyuta imagwirira ntchito) ya 4GB n'kuyamba kuyenda ngati bilimankhwe, fani ikulira osalekeza. Tsamba lililonse limadya RAM ndi bandulo ngati kuti mwalitsegula palokha mu Chrome. Mankhwala ake ndi hibernation, yomwe imagoneka masamba amene simukuwagwiritsa ntchito. Koma WhatsApp musaigoneke ayi. Tsamba likagona silikudziwitsani za uthenga watsopano, ndipo kasitomala wofuna chitenje cha chinkhoswe sadikira.

Ferdium sikonza zoti positi idzatuluke yokha mawa m'mawa. Zimenezo ndimachitira mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera bizinesi pa Facebook ndi Instagram, yomwe ndinaiikanso mu Ferdium ngati tsamba lapadera. Lamlungu madzulo ndimakonzeratu zithunzi za sabata yonse, tiyi ali pambali.