Kusamalira boti laliwiro lokhala pa doko la nyanja yamchere

Achinyamata ambiri a kuno ku Mchinji, ochokera ku Kamwendo, ku Kapiri, ku Mkanda ndi pa boma pomwe, amapita ku South Africa kukafuna ntchito, ndipo ena mwa iwo amapitirira Johannesburg mpaka kukafika kunyanja ku Durban, Richards Bay, Knysna kapena Cape Town, kumene amalembedwa ntchito yoyang'anira maboti pa marina, lomwe ndi doko la maboti ang'onoang'ono. Munthu wokulira m'mbali mwa Bua kapena Rusa, ngakhalenso amene anagwirapo ntchito ku Senga Bay, amafika kumeneko atazolowera madzi opanda mchere, momwe boti limatha kukhala miyezi osaonongeka kwenikweni. Madzi a nyanja yaikulu ali ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo boti loimikidwa m'madzi otere limakhala likudyeka usana ndi usiku, makamaka kunsi komwe mwini wake saonako. Boti laliwiro, lothamanga makilomita 70 pa ola kapena kuposerapo, ndilo limavutika kwambiri, chifukwa thupi lake ndi lopepuka, kunsi kwake kuyenera kukhala kosalala, ndipo zitsulo za injini yake zambiri ndi za aluminiyamu.

Yambani ndi kuyang'ana maanodi tsiku lomwe mwapatsidwa botilo, musanagwire ndowa kapena sopo. Maanodi ndi tizidutswa ta chitsulo chotuwa tomangidwa ndi mabawuti pa mwendo wa injini (gawo la injini lolowa m'madzi), pafupi ndi pulopela, pa timapiko ta kumbuyo totchedwa trim tabs, ndipo nthawi zina pa thupi la boti lenilenilo. Chifukwa chake n'chakuti zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizana zili m'madzi amchere zimasanduka batire, magetsi ochepa amayenda pakati pawo, ndipo chitsulo chofooka pa ziwirizo chimasungunuka pang'onopang'ono. Pa boti laliwiro nthawi zambiri pulopela imakhala ya stainless steel pomwe mwendo wa injini ndi wa aluminiyamu, choncho wodyeka ndi mwendowo, womwe mtengo wake umaposa malipiro anu a miyezi yambiri. Anodi imaikidwa kuti idyeke ndiyo m'malo mwa mwendo.

Pali mitundu itatu ya maanodi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Ya zinki ndi ya madzi amchere, ya aluminiyamu wosakaniza imagwira ntchito m'madzi amchere komanso a m'mathiriro a mitsinje momwe mchere ndi wochepa, pomwe ya magnesium ndi ya madzi opanda mchere okha. Boti lomwe mwini wake walikoka kuchokera ku Vaal Dam kapena ku Hartbeespoort kuti adzasangalale nalo kunyanja pa tchuthi cha Disembala likhoza kubwera ndi maanodi a magnesium, ndipo m'madzi amchere amenewa amatha msanga kwambiri n'kusiya injini pambalambanda. Funsani komwe botilo lachokera, ndipo musasakanize mitundu iwiri pa boti limodzi. Anodi ikadyeka theka, isinthidwe. Musaipake penti, girizi kapena polishi, ndipo pomanga yatsopano palani malo ogundana mpaka chitsulo chiwale, chifukwa anodi yosakhudza bwino chitsulo siteteza kanthu. Anodi yomwe ikuonekabe yatsopano patatha miyezi yambiri m'madzi isakusangalatseni, pakuti kawirikawiri zimenezi zimasonyeza kuti siikugwira ntchito ndipo chikudyeka ndi china. Yang'anani pa mwendo wa injini: mukaona penti atatukuka timatuza, ndipo pansi pake pali ufa woyera wonyowa ndi timaenje, dziwani kuti aluminiyamu wayamba kutha.

Ngati maanodi akutha m'masabata ochepa, vuto lili pa magetsi. Boti likalumikizidwa ku magetsi a pa doko kuti mabatire azitchajidwa, waya wa earth amalilumikizanso ndi maboti onse oyandikana nalo, motero maanodi anu amayamba kutetezanso zitsulo za boti la mnzanu amene ake anatha kalekale. Kachipangizo kotchedwa galvanic isolator, koikidwa pa waya ameneyu, kamatseka njira imeneyi, ndipo ndi bwino kumuuza mwini boti kuti agule ngati kulibe. Choopsa kuposa apa ndi waya wa batire wosupuka yemwe wagona m'madzi a pansi m'kati mwa boti, chifukwa magetsi otayikira motere amatha kuboola chitsulo m'masiku owerengeka. Ntchito yofufuza zimenezi ndi ya katswiri wa magetsi a maboti. Yanu ndi kuzindikira msanga ndi kunena.

Chachiwiri ndi zamoyo za m'nyanja. M'masiku ochepa chabe kunsi kwa boti kumachita thelezi, kenako kumamera ndere, ndipo pambuyo pake kumamatirira tinkhono tolimba totchedwa barnacles ndi nkhono zakuda zija zimadyedwa. Ku Durban ndi Richards Bay, kumene madzi ndi ofunda chifukwa cha mtsinje wa madzi oyenda m'nyanja momwemo wotchedwa Agulhas, zimenezi zimakula msanga kuposa ku Cape Town, komwe mtsinje wina wotere wotchedwa Benguela umabweretsa madzi ozizira. Boti laliwiro limathamanga chifukwa limanyamuka n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi, choncho tinkhono tochepa pa pulopela kapena m'mphako za kunsi kwake timachepetsa liwiro ndi kuonjezera mafuta. Tina timalowa m'timabowo tomwe injini imakokera madzi oiziziritsa, ndipo injini imatentha. Pukutani thelezi likadali lofewa ndi siponji kapena nsalu, chifukwa tinkhono tikakhwima kuchotsa kwake kumasiya timabwalo toyera tolimba, ndipo chopalira chachitsulo chimakanda thupi la boti. Musanalowe m'madzi, zulani magetsi a pa doko, chotsani makiyi a injini, ndipo funsani akuluakulu a marina ngati amalola kutsukira maboti m'madzi, poti ena amaletsa.

Chitetezo chachikulu ndi penti wa kunsi wotchedwa antifouling. Pali wofewa ndi wolimba: wofewa amasungunuka pang'onopang'ono ndipo pa liwiro lalikulu amakokoloka msanga, n'chifukwa chake maboti aliwiro amapakidwa wolimba yemwe amathanso kusalazidwa. Penti wambiri wa mtundu umenewu amakhala ndi kopa, ndipo kopa pa aluminiyamu amayambitsa kudyeka komwe kwafotokozedwa kale, choncho mwendo wa injini ndi boti lililonse la aluminiyamu zimafuna penti wake wake, ndipo popaka thupi la boti siyani kampata kosapaka kuzungulira pomwe mwendowo wagwira. Penti wakale wa TBT, yemwe ankapha zamoyo zambiri za m'nyanja, analetsedwa ndi pangano la International Maritime Organization la mu 2001 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2008, ndipo munthu akakupatsani chitini chakale chopanda chizindikiro, chikaneni. Popala penti wakale nyowetsani kaye, valani magolovesi, magalasi ndi chotchinga kumphuno, pakuti fumbi lake ndi poizoni.

Thupi la maboti ambiri ndi la fibreglass yokutidwa ndi gelcoat, khungu lowala lomwe kuchindikala kwake sikufika milimita imodzi. Khungu limeneli limalowetsa madzi pang'ono kwambiri, ndipo pakapita zaka boti lili m'madzi pansi pake pamatuluka matuza okhala ndi madzi onunkha ngati viniga. Kuonongeka kwake kumafanana ndi kwa mzati wa nkhokwe wodyedwa ndi chiswe, womwe kunja umaoneka wabwinobwino. Boti latsopano lomwe likhale m'madzi lipakidwe kaye epoxy wotchinga madzi penti wa kunsi asanapakidwe, ndipo pokandika paliponse pa mzere wa madzi kapena pansi pake pamatidwe msanga. Kunena zoona, boti laliwiro siliyenera kugona m'madzi amchere konse, ndipo ngati marina ili ndi chonyamulira choyandama chomwe chimalikweza pamwamba pa madzi, kapena mashelefu osungira maboti pamtunda, mwini boti wanzeru amalipira zimenezo m'malo mokonzetsa.

Injini ya panja, monga za Yamaha kapena Mercury, itsukidwe m'kati ndi madzi a pa mpopi kwa mphindi 10 kapena 15 nthawi iliyonse boti likabwerera, motsata buku lake pa nkhani yoti ikhale yozimitsa kapena yoyaka, kenako ipendeketsedwe mpaka mwendo wonse utuluke m'madzi. Injini ya m'kati yokhala ndi mwendo kunja, monga za MerCruiser kapena Volvo Penta, ndi yosiyana: mwendo wake sutuluka m'madzi, ndipo usiyidwe wotsitsa, chifukwa ukakwezedwa mipira yamakwinya yolumikiza mwendo ndi boti imatanuka, tinkhono timamera m'makwinyamo, ndipo tsiku lotsitsa mwendo timang'amba mpirawo. Mpira umenewu ukang'ambika madzi amalowa, ndipo boti likhoza kumira lili pa doko pomwepo.

Pa nkhani ya zingwe, kumbukirani kuti nyanja yaikulu imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kusiyanaku kumakula mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima. Ku Durban ndi Cape Town madzi amakwera ndi kutsika pafupifupi mamita 2, pomwe ku Beira amafika pafupifupi mamita 6. Pa kamlatho koyandama boti ndi kamlathoko zimakwerera limodzi, choncho zingwe zikhoza kukhala zokoka ndithu, koma pa doko losasuntha chingwe chachifupi chimapachika boti madzi akaphwa, kapena kulilowetsa kunsi kwa doko madzi akadzaza. Gwiritsani ntchito zingwe za nayiloni chifukwa zimatanuka, ziwiri kutsogolo ndi kumbuyo, ndi ziwiri zina zazitali zopingasana m'mbali zoletsa boti kupita kutsogolo kapena kubwerera. Pomwe chingwe chikukhuza ngodya, chivekeni chidutswa cha paipi ya madzi. Mafenda, omwe ndi mapilo a mpira a m'mbali, apachikidwe pomwe boti ndi lotakata kwambiri, asakhudze madzi, ndipo azitsukidwa, chifukwa fenda yokhala ndi mchenga ndi mchere wouma imapala gelcoat nthawi yonse yomwe boti likugwedezeka. Ku Cape Town mphepo yamphamvu ya kummwera chakummawa imaomba m'miyezi yotentha, ndipo namondwe wa kumpoto chakumadzulo amabwera m'nyengo yozizira. Mukamva kuti mphepo ikudza, onjezerani chingwe chachiwiri pa malo aliwonse.

Sabata iliyonse tsukani boti lonse ndi madzi opanda mchere, tsegulani pansi m'kati muone ngati muli madzi, ndipo alaweni pang'ono pa chala ngati mulibe mafuta, poti amchere amasonyeza kudontha kwa kunsi pomwe opanda mchere ndi a mvula. Nyamulani ndi dzanja kachoyandama ka pampu yotulutsa madzi kuti mumve ngati ikulira, chotsani zinyalala m'timabowo totulutsa madzi a mvula, ndipo tsekani mavavu a mapaipi oboola thupi la boti ngati palibe amene akulikwera. Jambulani maanodi, pulopela ndi mzere wa madzi pa foni, n'kutumiza zithunzizo kwa mwini boti pa WhatsApp, chifukwa pakaonongeka chinthu amene amayamba kulozedwa chala ndi wantchito, ndipo chithunzi chokhala ndi tsiku chimasonyeza kuti munanena. Kamodzi pa chaka botilo litulutsidwe m'madzi, litsukidwe ndi madzi amphamvu likadali lonyowa, liume bwino, ndipo apo m'pamene mipira ya mwendo, mavavu, penti ndi maanodi onse zimayang'anidwa ndi kusinthidwa.