Makoswe akutha nzimbe, poizoni ndiike bwanji?

Mwati makoswe akumaboola nzimbe kumunsi mpaka kugwa. Yambani mwalambula kaye m'mbali mwa munda ndi mungalande coz amabisala momwemo. Kenako dulani nsungwi zotalika ngati mkono zobooka mbali zonse muike munjira zawo, masiku atatu oyamba muzithiramo mgaiwa wopanda mankhwala, makoswetu ndi ochenjera chachilendo sathamangira. Akazolowera ndiye sakanizani mgaiwawo ndi poizoni wa makoswe wotchedwa zinc phosphide pa mlingo omwe alemba pa paketi, magolovesi m'manja, ikani madzulo, mmawa nkuchotsa zotsala. Akufawo kwirirani dzenje lakuya agalu angafukule. Tameki uja ayi ndithu. Komanso anyamata okumba mbewa muwauziretu kuti mbewa za munda umenewo sizodya.