Mmene mungayezere ngati lamulo la ku America la pakati pa 1890 ndi 1920 linatetezadi antchito

Ambiri akamaphunzira za nthawi imeneyi, yomwe eni ake amaitcha Progressive Era, amaloweza chaka chimene lamulo linakhazikitsidwa n'kuthera pomwepo. Apa m'pamene amaphonya.

Yambani ndi kufufuza amene analipanga: boma lalikulu ku Washington kapena boma la chigawo chimodzi. Malamulo ambiri okhudza chitetezo m'mafakitale anali a zigawo. Pa 25 March 1911 moto unabuka pafakitale yosoka malaya ya Triangle mumzinda wa New York. Chitseko china chotulukira chinali chokhoma, makwerero a ozimitsa moto analekezera pansanjika ya 6 pamene anthu anali pa 9, ndipo ena anadziponya pamawindo. Anafa anthu 146, ambiri atsikana obwera kuchokera kumaiko ena. Malamulo oposa 30 amene anatsatira anali a chigawo cha New York chokha. Musawalembe ngati a dziko lonse.

Kenaka onani amene anasiyidwa kunja. Lamulo la chigawo cha Oregon loletsa kugwira ntchito kupitirira maola 10 patsiku, lomwe khothi lalikulu la dziko lonse linavomereza mu 1908, linali la amayi basi. Lamulo la Keating-Owen la 1916 linaletsa kutumiza kuchigawo china katundu wa m'mafakitale olemba ntchito ana osakwana zaka 14, koma ana a m'minda, omwe anali ochuluka koposa, silinawakhudze.

Chachikulu n'kulondola lamulolo mpaka kukhothi, chifukwa ambiri anakafera kumeneko. Mu 1905, pamlandu wa Lochner, oweruza 5 mwa 9 anathetsa lamulo la New York loti ophika buledi asapitirire maola 60 pasabata, ati limasokoneza ufulu wa bwana ndi wantchito wogwirizana okha. Wantchito wosauka angakambirane chiyani ndi bwana amene akhoza kumuchotsa mawa?

Samalaninso ndi lamulo la Sherman la 1890, loletsa makampani akuluakulu kulamulira msika okha. N'zoona linagawa kampani ya mafuta ya Standard Oil kukhala makampani 34 mu 1911, koma lomwelo linagwiritsidwa ntchito kulanga mabungwe a antchito, monga pamlandu wa opanga zipewa a ku Danbury mu 1908.

Pa nkhani ya ana, lembani zaka zitatu izi: 1916 lamulo la Keating-Owen lija linakhazikitsidwa, 1918 khothi linalithetsa pamlandu wa Hammer ndi Dagenhart, ndipo chiletso chokhazikika cha dziko lonse chinabwera mu 1938.